Mmene ndinapezera lonjezo langa kwa owerenga

Ine ndimalemba nkhani zazifupi mu Chinyanja kuno ku Chipata, zambiri ndimaponya pa Facebook, zina ndimapulinta timabuku n'kumagulitsa ndekha. Funso limene ndinafuna kuliyankha linali lakuti munthu akangoona dzina langa pamwamba pa nkhani, asanawerenge n'komwe, adziwe kuti apezamo chani.

Ndinayamba n'kusonkhanitsa zonse zimene ndinalembapo, za mufoni ndi za m'makope akale, n'kuziyala pa mphasa. Munali zachikondi, za mpira, ndakatulo ya Nc'wala (mwambo wa Angoni), mpaka ulaliki umene. Ndinaika milu iwiri, wina wa nkhani zimene anthu anatumizirana pa WhatsApp, wina wa zija anangodina like n'kupita. Ma like ine sindiwawerengera, abale ako amadina ngakhale utaika chithunzi cha mbuzi.

Kufunsa anthu ndiye kunanditengera nthawi. Osafunsa kuti "kodi ndimalemba bwino?" chifukwa kwathu kuno palibe angakuuze pamaso kuti iyayi, aliyense angoti zili bwino bambo pitirizani. Ine ndinkafunsa kuti ndi nkhani iti imene munafotokozerako mnzanu, ndipo munamuuza kuti chani. Amayi ena ogulitsa nshawa pa msika wa Kapata anatchula ija ya mlimi amene anagulitsa chimanga, ndalama zisanalowe n'komwe mu foni achibale ayamba kale kubwera ndi mavuto awo, wina fizi ya mwana wina maliro wina feteleza, ati anaseka mpaka misozi chifukwa ndi za pakhomo pawo zenizeni. Mnyamata wina wa njinga zonyamula anthu anati iye amakonda zoti nkhani imatha kasitomala asanabwere, komanso siidya bandulo. Za mpira palibe anazikumbuka olo mmodzi.

Nditabwerera ku mulu wa pa WhatsApp uja ndinaona kuti pafupifupi zonse ndi za ndalama pakati pa abale: kaloba, chilimba (kusonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana), chimalo, ng'ombe za malemu. Basi ndinalemba chiganizo chimodzi, ndinachifupikitsa kangapo mpaka chinatsala chonchi: "Lachisanu lililonse, nkhani imodzi ya ndalama ndi chibale kuno kum'mawa, m'Chinyanja cha pamsika, yotha tiyi asanazizire." Mawu ngati "zosangalatsa" ndi "zophunzitsa" ndinawachotsa dala, wolemba aliyense amanena zomwezo ndipo palibe angakugwire nazo bodza. Koma Lachisanu likadutsa opanda nkhani, aliyense aona.

Panalinso za kalembedwe. Kusukulu kuno ku Zambia tinaphunzira kulemba Cinyanja ndi c yekha, pomwe anzathu kuseri kwa boda ya Mwami, ku Mchinji uko, amalemba ch. Ndili ndi owerenga mbali zonse ziwiri, ndinasankha ch ndipo sindisinthasintha.

Chowawa chinali kusiya zina. Ndakatulo ya Nc'wala ija ndimaikonda kwambiri koma inatsala panja. February akafika anthu akupita ku Nc'wala ku Mtenguleni ndimalembabe za kumeneko, koma ikhale nkhani ya munthu amene watenga kaloba kwa mlamu wake kuti akagulitse nyama yootcha ku mwambo, mvula n'kumuonongera bizinesi. Kulamba ku Mkaika mu August chimodzimodzi. Wina akandipempha ndakatulo ya pa ukwati ndimalemba ndithu, ndalama ndi ndalama, koma pa peji siifika.

Chiganizocho ndinachiika pa bio ya peji, kuseri kwa kabuku kalikonse, ndi pa description ya gulu la WhatsApp kuti wolowa kumene achione.

Manje kusunga tsiku ndi nkhani ina. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba malaiti ankapita nthawi yaitali, foni kuzima, ndiye ndinazolowera kulemba pa pepala masana, kutaipa malaiti akabwera olo pakati pa usiku, n'kuika pa schedule kuti ituluke yokha. Ndimayesetsa kukhala ndi nkhani zingapo zodikira. Ya Lachisanu lino ndi ya chilimba cha aphunzitsi ku Katete, amene anadya koyamba wapempha transifa.