Mawu akuti dissent, ndi munthu wokana ali yekha

Pa mawu onse a Chingerezi onena za kusagwirizana, amene ndimawakonda kwambiri ndi dissent. Ambiri timawamva ngati mkangano basi, koma ayi ndithu. Mkangano umafuna anthu awiri okwezerana mawu. Dissent ndi pamene gulu lamanga chimodzi, mmodzi mwa iwo n'kunena poyera kuti ine ayi.

Gwero lake ndi Chilatini, dissentire: dis ndi kupatukana, sentire ndi kumva mumtima. Ku England mawuwa anatchuka ndi nkhani za mpingo. Mu 1662 lamulo linati abusa onse azitsatira buku la mapemphero la Church of England. Abusa pafupifupi 2,000 anakana, nawachotsa pa ubusa, ndipo anthu otere ankatchedwa Dissenters. Okonda mpira mumawadziwanso mawuwa, chifukwa wosewera akatsutsana ndi lifali amapatsidwa khadi lachikasu pa mlandu wa dissent.

Koma kumene amandigwira mtima ndi kukhoti. Oweruza akakhala angapo, amene sakugwirizana ndi anzake amalemba zifukwa zake, n'kuzisindikiza limodzi ndi chigamulo. Mu 1896 khoti lalikulu la ku America linaweruza mlandu wa Homer Plessy, yemwe anamangidwa ku Louisiana chifukwa chokhala m'bogi ya sitima ya azungu okhaokha. Oweruza 7 anati kulekanitsa anthu potengera khungu n'kololedwa. John Marshall Harlan yekha anakana, munthu wobadwira ku Kentucky m'banja lomwe linali ndi akapolo! Analemba kuti malamulo oyendetsera dziko saona khungu. Tsikulo anagonja, koma zimene analembazo sizinafufutidwe, ndipo mu 1954 khoti lomwelo linathetsa tsankho m'masukulu a boma pa mlandu wa Brown.

Ine ndimalemba maminitsi a komiti ya sukulu kwathu kuno. Pamsonkhano wina tinakweza ndalama ya chitukuko, mayi mmodzi yekha n'kukana. Anamanga chitenje bwinobwino, naimirira, nati: "A tcheya, pepani, makolo ambiri sanakolole chaka chino." A tcheya ananditembenukira: "Alembi, ingolembani kuti tonse tagwirizana."

Ndinawapempha mwaulemu kuti kukana kwa mayiwo kulembedwe, pamodzi ndi chifukwa chawo, pakuti komiti ikubwerayo iyenera kudzadziwa kuti nkhani ya zokolola inanenedwa. A tcheya anaganiza kaye pang'ono, kenako anavomera, ndipo ndinawerenga mzerewo mokweza kuti mayiwo amve asanasaine.