Lipoti la ulendo wathu okaonelera mpikisano wa ma mix

Anzanga amene simunakwanitse kupita nawo, nayi nkhani ya ulendo uja tinakacheza ndi gulu linzathu la ma producer lomwe linakonza mpikisano wa mixing. Tinanyamuka mmamawa ndi ma laputopu athu, pofika tinapeza zonse zili mchimake. Opikisana onse anapatsidwa ma stem a nyimbo imodzimodzi, kutanthauza chida chilichonse chojambulidwa pachokha, ng'oma, bass, gitala, mawu a oyimba ndi ovomera, nde aliyense amasakaniza mmene mtima wake ukufunira. Mapulogalamu osakanizira anali osiyana, ena pa FL Studio, ena Cubase, ena Pro Tools, zimenezo majaji analibe nazo ntchito.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kaweruzidwe kake. Asanayambe kumvetsera, mayi ena omwe anali jaji anayamba afananiza kaye volume ya ma mix onse pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa phokoso), ati Spotify imatero, nyimbo ukaikweza mopyola iwo amangoitsitsa basi. Anatikumbutsanso zomwe Fletcher ndi Munson anapeza mu 1933, zoti khutu la munthu limamva bwino bass ndi ma high pamene volume yakwera, nchifukwa chake mix yaphokoso imamveka ngati yokoma ngakhale mulibemo kanthu. Atangofananiza choncho ma mix ena omwe timawaopa anangofota ngati masamba padzuwa, ng'oma ya snare yaphwanyidwa ndi limiter, chida chopanikiza phokoso kuti lisapyole malire, chorus ikafika osamva kusiyana ndi verse, zonse zangoti thi mulingo umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Koma mkangano weniweni unabuka pa mix ya mnyamata wina wa gulu lotilandira. Abale, pa masipika akuluakulu a mu studio inali yokoma zedi, reverb yotakata, gitala akuchokera mbali zonse, mawu a oyimba wawabisa pang'ono mkati mwa zida moti umachita kutchera khutu, ine tsitsi linachita kuima. Kenako majaji anaiika mu mono, kuphatikiza mbali yakumanzere ndi yakumanja kukhala imodzi, nkuiseweranso pa sipika ya foni. Gitala uja anazimilira chifukwa cha phase, mbali ziwirizo zimafafanizana zikaphatikizidwa, bass yonse inali pansi kwambiri komwe foni siingafike, mawu osamveka zomwe akunena. Mnyamatayo anaima nkunena kuti iye sasakanizira foni, ndi luso limenelo. Jaji wachikulire anamuyankha mofatsa, akumutchula kuti achimwene, kuti ma engineer akhala akuyesera ma mix pa Yamaha NS-10, timasipika tomwe tinatuluka mu 1978, osati poti timakometsa nyimbo ayi koma poti timaulula zolakwika, ndipo omvera ambiri adzaimva nyimboyo pa kanthu kakang'ono kuposa pamenepo.

Anapambana ndi achemwali ena omwe sanachite zodzionetsera. Mawu anali kutsogolo, liwu lililonse lomveka, pa bass anathirapo saturation, kakukhakhala kowonjezera, pang'ono kuti izimvekabe pa foni, ndipo anasiya verse ili yofatsa kuti chorus ikamabwera uimve ikukukankha. Titawafunsa anatitsegulira session yawo, ma plugin ochepa kwambiri, ntchito yambiri inali pa automation ya volume, akukweza mawu pamene akumira ndi kutsitsa gitala pamene oyimba akulowa.

Pomwe sindinagwirizane nazo ndi mavoti a anthu oonelera. Amenewa anawaphatikiza ndi mamakisi a majaji, ndipo anthu amavota atamva masekondi ochepa chabe, nde mix ina yodzadza Auto-Tune ndi kick yolemera inakwera mpaka kudutsa ya mnyamata uja. Zinandiwawa ndithu, chifukwa vuto lake lija ndi lokonzeka, kungokonza phase ndi kukweza mawu, pomwe khutu lomwe ali nalo si aliyense ali nalo, ndipo ndikuopa kuti akamagonja choncho adzayamba kusakaniza ngati wina aliyense.

Pobwelera tinakambirana mgalimoto kuti mpikisano wathu ukamadzachitika mamakisi adzakhale pawiri, ena a luso ena a mmene nyimbo ikumvekera pa foni ndi pa wailesi, osawaphatikiza, ndipo volume idzafananizidwe nawo mavoti asanayambe. Anzathuwo avomera kudzabweza ulendo ndipo ma stem aja atipatsa, amene mukuwafuna mubwere ndi flash pa nkumano ukubwerawu.