Chikwama cha m'manja pa ulendo wa ku London ndi ana awiri

Ulendo wa pandege kuchoka ku Lilongwe kupita ku London kudzera ku Addis Ababa umadya pafupifupi tsiku lathunthu ukawerengera kuyambira potseka chitseko cha kunyumba. Ndege ya Ethiopian Airlines imanyamuka pa Kamuzu International Airport masana, imauluka maola pafupifupi 4, mumatera pa bwalo la Bole ku Addis kutada, n'kudikira mpaka pakati pa usiku. Kenako pali maola ena pafupifupi 8 kuti mukafike pa bwalo la Heathrow ku London kutacha. Nthawi yonseyi masutikesi akuluakulu simuwaona. Chimene mwana angafune panjira, ngati sichili m'chikwama cha m'manja, ndiye kuti palibe.

Ine ndinali ndi ana awiri, wa miyezi 10 ndi mkulu wake wa zaka 4, tikutsatira bambo awo ku Leeds, mzinda wa kumpoto kwa England. Chikwama cha m'manja amalola makilogalamu 7. Wamkuluyo, poti anali ndi mpando wake, ankaloledwanso chake, koma ndinadziwa kuti tulo tikamugwira ku Addis wodzanyamula ndi ine ndemwe. Choncho iye ndinamupatsa kachikwama kakang'ono kopepuka, ine n'kutenga chikwama cha kumsana. Cha matayala ndinachikana. Dzanja limodzi lagwira khanda, lina lagwira mkulu wake, ndiye chokokacho mukoka ndi chiyani?

Lamulo langa polongedza linali limodzi: chilichonse chizitulutsika ndi dzanja limodzi, osayang'ana. Ndinayeseradi pabalaza, mwana ali m'manja, kutsegula zipi n'kupisa dzanja. Chimene chinkafuna manja awiri ndinkachisintha malo.

Ndinayamba ndi mapepala, chifukwa thewera likatha mayi mnzako akhoza kukugawira, koma pasipoti palibe angakubwereke. Mapasipoti atatu, mapepala a visa, matikiti osindikiza, ziphaso zakubadwa za ana zochokera ku NRB, ndi kalata ya bambo awo yovomereza kuti ndikuyenda ndi anawo, zonsezi zinalowa m'kachikwama kopachika m'khosi. Mayi woyenda yekha ndi ana amatha kufunsidwa kuti anawa ndi akedi, makamaka ngati dzina la pa pasipoti yake likusiyana ndi la ana, ndiye chiphaso chakubadwa chimayankha nkhaniyo msanga. Ndinaikamonso mabuku awo a kusikelo, cholembera, ndi pepala lolembapo adiresi ya kumene tikupita ndi nambala ya foni ya bambo awo. Foni imatha moto, pepala silitha. Mapepala onsewa ndinawajambulanso pafoni.

Zitatha izi ndinafika pa nkhani ya matewera, imene imadya malo ambiri m'chikwama. Ndinawerengera thewera limodzi pa maola awiri kapena atatu aliwonse, n'kuwonjezera ena oti mwina ndege yachedwa. Anakwana 12. Koma sindinawaike pamodzi. Chimbudzi cha m'ndege n'chaching'ono kwambiri, ndipo kathebulo kosinthira mwana amakatsitsa pamwamba pa chimbudzicho, moti kulowa ndi chikwama chonse n'kudzivutitsa. Ndinakonza timajumbo ta zipi, kalikonse kali ndi thewera limodzi, ma wipes angapo, ndi kajumbo kena kotayiramo. Mwana akaipitsa ndinkangosolola kamodzi, kutenga chitenje choyala, basi.

Zovala ndinazilongedzanso chimodzimodzi, kajumbo kamodzi zovala zathunthu za mwana mmodzi, kufinya mpweya wonse kuti kaphwe. Khanda ndinalitengera zosinthira zitatu, wamkulu ziwiri. Ndinaikamonso bulauzi yanga imodzi. Ambiri timaiwala kuti mwana akasanza, amasanzira amene wamunyamula, ndipo kukhala maola 8 ukununkha mkaka wosasa pakati pa anthu achilendo si zinthu zosangalatsa.

Zitenje ndinatenga ziwiri, ndipo pa katundu yense palibe chinagwira ntchito kuposa izo. Pa Bole, khanda linali kumsana, manja onse ali omasuka kukoka mkulu wake ndi kuonetsa mapasipoti. M'ndege chitenje chinali chofunda, chotchingira poyamwitsa, chotchingira kuwala pamene mwana wagona, komanso choyala pansi pamene wamkulu anatopa n'kufuna kugona podikira ndege yachiwiri. Kangolo koyendetsera mwana amalola kufika nako mpaka pakhomo la ndege, koma akakatenga sikuti nthawi zonse mumakapeza potsika pa bwalo lodutsira. Chitenje sichikusiyani.

Tsiku loti tinyamuka mawa, apongozi anafika ndi nkhuku yokazinga, mtedza wokazinga ndi mandasi, zonse zokulunga bwino.

"Ana asakavutike ndi njala m'njira. Zakudya za m'ndegezo mwana angakhute nazo?"

"Amayi, mwatithandiza, koma nyama ku UK salola kulowa nayo. Nkhukuyi tidyere pompano tonse."

Tinadyadi madzulo omwewo. Nyama ndi zinthu za mkaka zochokera kwathu kuno saloleza kulowa nazo ku Britain, kupatula mkaka wa ufa wa makanda ndi zakudya za makanda zosatsegula, mpaka makilogalamu 2. Mtedza ndinauika m'sutikesi yaikulu, chifukwa mwana wamng'ono akhoza kutsamwa nawo, komanso m'ndege mumakhala anthu ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza kwambiri. Mandasi awiri okha ndi amene anapeza malo. M'chikwama ndinaikamo mabisiketi osatsekemera kwambiri, nthochi zoti tidye ndege yoyamba isanatere, buledi wodula tizidutswa, ndi phala la makanda la ufa longothira madzi. Ogwira ntchito m'ndege amapereka madzi otentha ukapempha. Chakudya cha ana chimapezekanso, koma umayenera kuchiitanitsa pogula tikiti kapena kusanatsale tsiku limodzi, osati utakhala kale pampando. Kabedi ka khanda komangirira kukhoma la kutsogolo nakonso n'kopempheratu, ndipo kali ndi malire a kulemera kwa mwana.

Zamadzimadzi ndiye zimene zimachedwetsa anthu pa chipikisheni. Lamulo lake ndi lakuti botolo lililonse lisapose mamililita 100, ndipo onse akwane m'kajumbo kamodzi koonekera mkati ka lita imodzi. Amayang'ana kukula kwa botolo, osati zimene zatsalamo, choncho botolo lalikulu la mafuta odzola lotsala pang'ono pansi amalanda ndithu. Mkaka ndi chakudya cha khanda amalola kuposa pamenepo malinga mwanayo ali pomwepo, koma umazitulutsa kuti azione. M'kajumbo kanga munali Panado wa madzi, mafuta odzola pang'ono chifukwa mpweya wa m'ndege umaumitsa khungu, mankhwala opaka pa zilonda za thewera, ndi mankhwala osambira m'manja. Mapaketi a Thanzi ORS, poti ndi a ufa, anakhala m'thumba lina pamodzi ndi choyezera kutentha kwa thupi ndi kasirinji kopatsira mankhwala. Kajumbo ka zamadzimadzi ndinakaika pamwamba penipeni.

"Mayi, tulutsani mabotolo ndi foni, muike m'thireyimu. Mwanayo mumutsitse kumsana," anatero wogwira ntchito pa chipikisheni.

Pamenepo ndi pamene unaonekera ubwino wa kulongedza koganizira dzanja limodzi. Ku Addis mumadutsanso pa chipikisheni china musanakwere ndege ya ku London, nsapato kuvula, zonse kutulutsanso. N'chifukwa chake tonse tinavala nsapato zongolowetsa phazi, zopanda zingwe, ndipo botolo la madzi la wamkulu ndinkadutsa nalo lopanda kanthu n'kukalidzaza mbali inayo. Power bank nayo malo ake ndi m'chikwama cha m'manja, m'sutikesi yopita pansi pa ndege salola chifukwa mabatire amtunduwu amatha kuyaka.

Addis Ababa ili pamwamba, mamita opitirira 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku kumazizira ngakhale mutachoka ku Lilongwe kukutentha. M'ndege namonso mumazizira. Majuzi ndi masokosi ndinawaika pakati pa chikwama, pamwamba pa zovala zosinthira, ndipo tinawavala tisanatsike n'komwe.

Kachikwama ka wamkulu munali zinthu zochepa: buku lojambulamo, makrayoni, zomata za zithunzi, ndi kagalimoto kamene amagona nako. Zoseweretsa zolira ndi za tizidutswa tambiri ndinazisiya, chifukwa kachidutswa kakagwera pansi pa mpando kulira kwake kumamveka ndege yonse. Zinthu ziwiri zatsopano, zotsika mtengo, ndinazibisa m'chikwama changa osamuonetsa. Chimodzi chinatuluka pa Bole pamene anayamba kufunsa kuti, "Amama, tifika liti kwa adadi?" kachisanu ndi kawiri pa mphindi zochepa. Pafoni ndinali nditasungiratu makatuni oonera popanda intaneti, ndi mahedifoni a ana, chifukwa a m'ndege aja amagwa m'makutu aang'ono.

Tikalowa m'ndege, chikwama chachikulu sindinkachikweza pamwamba ndisanatulutse jumbo imodzi imene ndinaikonzera pansi pa mpando wa kutsogolo. Munali timajumbo tiwiri ta matewera, zovala zosinthira za khanda, mabisiketi, madzi, ma wipes ndi chitenje. Chizindikiro cha lamba chikayaka sungaimirire kukatsegula pamwamba, ndipo ana amasankha nthawi yomweyo kufuna zinthu. Mwana wosakwana zaka 2 amakhala pamiyendo pa mayi ake, ndipo amakupatsa kalamba kake kolumikiza ku lamba wako.

Ponyamuka ndi potera ndi pamene makutu a ana amapweteka, chifukwa mphamvu ya mpweya m'ndege imasintha, makamaka ndege ikamatsika. Kumeza kumatsegula makutu. Khanda ndinkaliyamwitsa ndege ikayamba kuthamanga, osati ikadali pamzere wodikira, apo ayi limakhuta nthawi isanakwane. Potera ndinkayamba nditangomva kuti ndege yayamba kutsika, pafupifupi theka la ola tisanafike pansi. Wamkulu ndinkamupatsa madzi kuti azimwa pang'onopang'ono, kapena switi ya kamtengo imene ndinaisungira ntchito imeneyi yokha.

Ola limodzi tisanatere pa Heathrow ndinasintha khanda thewera, wamkulu n'kupita naye kuchimbudzi mzere usanatalike, kenako ndinalongedzanso chikwama. Zinyalala zonse ndinazipereka kwa ogwira ntchito, zipatso zotsala ndinazisiya, zovala zakuda zinapita pansi, majekete n'kubwera pamwamba. Kachikwama ka mapasipoti kanabwerera m'khosi. M'thumba la pambali ndinasiyamo paketi imodzi ya mabisiketi, madzi ndi kajumbo kamodzi ka thewera, chifukwa kutsika m'ndege sikufika: pali mtunda woyenda pansi, mzere wa olowa m'dziko umene umatha kutalika kwambiri m'mawa, kenako kudikira masutikesi. Mabisiketi amenewo anathera pamzerepo, tisanafike kwa wofunsa mapasipoti.