Offer ya ma services yapita, koma Mode 4 inatsala pang'ono kundidwalitsa

Zatha tsopano, shedulo yathu, mndandanda wa zimene tikulonjeza kutsegula, yapita ndipo anzathu a mbali inayo alandira, ndiye ndati ndilembe mutu ukadali wotentha kuti amene mudzapatsidwe ntchito imeneyi musadzaone zimene taona ife. Ndikunena za zokambirana zotsegulirana msika wa ma services, malonda aja osakwera lole, mabanki, inshulansi, mafoni, zomangamanga, mayendedwe, zokopa alendo. Pa katundu mumalimbana za msonkho wa paboda, manambala basi. Kuno mulibe msonkho woti mutsitse, zimene mukuika pa tebulo ndi malamulo a dziko lanu, ndipo malamulowo sakhala ku unduna wa zamalonda, anamwazikana m'maofesi a anthu ena oti sakudziwa n'komwe kuti kunjaku kuli zokambirana.

Za makalata oitanira anthu ndi kupanga komiti sindikambapo, mukuzidziwa. Choyamba chenicheni, sonkhanitsani malamulo. Lamulo lenilenilo, pepala lake m'manja, osati zimene bwana wina wakuuzani pafoni kuti ayi kwathu kuno palibe choletsa. Chifukwa shedulo ija imatengera kalembedwe ka GATS, pangano la ma services la WTO, bungwe la zamalonda la dziko lonse, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1995, ndipo mndandanda womwe ambiri timatsatira, W/120, uli ndi magawo 12 omwe amagawikanso tizigawo pafupifupi 160, ndiye kagawo kalikonse uyankhe pa njira zinayi, service yodutsa malire yokha monga pa intaneti, kasitomala wopita kunja, kampani yodzatsegula nthambi, ndi munthu wobwera kudzagwira ntchito kwa kanthawi (yachinayiyi ndiyo Mode 4), uyankhenso kawiri, za kulowa pamsika ndi za kusasiyanitsa mlendo ndi mwini dziko. Mabokosi asanu ndi atatu pa kagawo kamodzi. Ukalemba None walonjeza kuti palibe choletsa chilichonse, ukalemba Unbound sunalonjeze kanthu, ndiye tangoganizani mwalemba None pomwe kuli lamulo loti mlendo asapitirire masheya akutiakuti.

A mabanki ndi a mafoni sanativute, anatumiza malamulo awo ndi anthu odziwa zinthu. Imene inandiwawa mpaka pano ndi ofesi yoona za ma pemiti a alendo. Tinawalembera, anati kalatayo ipite kwa bwana wamkulu. Tinalembanso, anati fayilo sikuoneka. Pa miting'i yokonzekera anatumiza mnyamata woti wangoyamba kumene ntchito, waulemu wake ndithu, kope m'manja akulemba chilichonse, koma funso lililonse yankho lake linali ndikafunse kaye. Sindikumuda iye, analibe mphamvu yoyankha, olakwa ndi amene anamutuma.

Ndiye tafika ku round, nkhumano ya zokambiranazo, tsiku la Mode 4, mayi wa mbali inayo watsegula laputopu, mafunso ake achindunji. Manijala amene kampani yamusamutsa kuchoka ku likulu kubwera ku nthambi mumamupatsa nthawi yaitali bwanji, kodi pemitiyo imawonjezeredwa, nanga economic needs test mwailembayi, yoona kaye ngati mlendoyo akufunikadi pamsika wanu, muyezo wake ndi wotani, amagamula ndani, munthu akakanidwa akadandaula kuti. Ife chete. Wotsogolera gulu lathu anapempha kuti tipume kaye, ine ndili pakhonde foni kukhutu kuimbira ofesi ija, ikungoitana, wina wayankha akuti abwana ali pa miting'i, ndiimbenso masana, masana akuti atuluka. Tsiku lonse lathunthu linapita choncho, holo yolipiridwa, omasulira zilankhulo atakhala m'kabokosi kawo ma headphone ali pa tebulo, anthu oti akwera ndege kuchokera kutali akungoyang'ana mafoni. Madzulo gawo lonselo linalowa m'mabulaketi, kutanthauza kuti sitinagwirizane, kudikira round ina. Ndinapsa mtima kwambiri chifukwa yankho lake linali lokwana pa pepala limodzi.

Chimene chimawaopsa a ofesi ya ma pemiti aja ndinachimva pambuyo pake, amaganiza kuti Mode 4 ndi kutsegula boda kuti aliyense adzasake ntchito. Sichoncho ayi. Annex ya GATS, chikalata chowonjezera cha za kayendedwe ka anthu, imanena poyera kuti sikhudza ofuna kulowa pamsika wa ntchito, sikhudza unzika, sikhudza kukhazikika kapena kulembedwa ntchito mpaka kalekale, ndipo dziko limakhalabe ndi mphamvu zake zoyang'anira olowa ndi otuluka, viza ikhoza kufunikabe. Pitani nayo annex imeneyi kwa iwo koyambirira, mukhale nawo pansi muwerengere limodzi, makalata okha sathandiza. Ndipo simungangoti Mode 4 tiitaye, Article V ya GATS imafuna kuti pangano la ma services likhudze magawo ochuluka ndithu ndipo lisachotseretu njira ina iliyonse mwa zinayi zija, ngakhale maiko ongotukuka kumene amawafewetserako.

Eya, ndabwerera m'mbuyo pang'ono, zonsezi zisanayambe mumayenera kugwirizana kalembedwe. Positive list ndiye kuti chimene mwalemba chokhacho ndicho mwatsegula, ndi mmene ikuyendera AfCFTA, pangano la malonda la maiko a mu Africa, yomwe inayamba ndi magawo asanu, za bizinesi, za mauthenga, za ndalama, zokopa alendo ndi mayendedwe. Negative list, ya NAFTA ya 1994 (pangano la America, Canada ndi Mexico) ndi CPTPP (la maiko ozungulira nyanja ya Pacific), zonse n'zotseguka kupatula zimene mwalemba kuti ayi, ndiye lamulo limene mwaiwala kulilemba ndiye kuti mwalipereka. Kawirikawiri imabweranso ndi ratchet, ukafewetsa lamulo pawekha sungadzalibwezerenso pomwe linali. Ine maganizo anga, ngati malamulo anu simunawasonkhanitse onse musavomere negative list ngakhale akunyengerereni bwanji. Malamulo kaye, pepala m'manja.

Manambala a CPC, buku la United Nations lopatsa mtundu uliwonse wa service nambala yake, nawonso musawaone ngati zokongoletsa. America yomwe, ndi maloya ake onse aja, inalemba mu shedulo yake ya GATS za ma services ena a zosangalatsa kupatula masewera, Antigua and Barbuda inakasuma ku WTO, ndipo mu 2005 chigamulo cha apilo chinati mawu amenewo akuphatikiza juga. Ngati zinachitikira iwowo, nanga inu muli anthu ochepa m'chipinda usiku mutatopa. Tsegulani buku la CPC muwerenge zonse zimene zili pansi pa nambalayo, ngati mukufuna mbali imodzi yokha lembani momveka kuti ndi mbali chabe.

China chimene chinandikhumudwitsa, a makampani athu sankabwera tikawaitana, ndiye tinapita kokateteza kokhakokha, zopempha zathu zinali zochepa mochititsa manyazi pomwe anzathu anabwera ndi mapepala odzadza. Ma injiniya ndi ma akauntanti ndi omwe anadzuka mochedwa n'kutiuza kuti vuto lawo kunjako ndi setifiketi yosavomerezedwa, ndipo n'zoona, msika angakutsegulire koma bungwe lopereka laisensi likakana mapepala ako sugwira ntchito. Ku East African Community anachita kusainirana mapangano apadera ovomerezana maphunziro a ma akauntanti, ma injiniya ndi ojambula mapulani a nyumba. Aitaneni amenewa msanga. Muwerengenso bwino ndime ya MFN, ya mtundu uja uli mu EPA ya 2008, pangano la malonda la EU ndi maiko a ku Caribbean (CARIFORUM), yoti zabwino zimene mudzapatse dziko lina lalikulu pa malonda mtsogolo muwapatsenso amene mwasainirana nawo panganoli.

Pepala la ofesi ya ma pemiti ija linadzabwera titabwerako kale, ndipo nthawi ya pemiti imene inalembedwamo inali yosiyana ndi imene wina wa komweko anatiuzapo pakamwa, moti gawo la horizontal lonse, lija lokhudza magawo onse nthawi imodzi, tinalilembanso potsatira lamulolo. Kwatsala kuti maloya apesepese mawu. Ine ndanena kale kwa otitsogolera kuti ulendo wotsatira pakhale munthu wa ofesi imeneyo, woti akhoza kuyankha yekha osaimba foni, ndipo dzina lake lilowe pa mndandanda matikiti asanagulidwe.