Tiyi ali ndi majini ambiri kuposa munthu

M'chaka cha 2017, akatswiri a ku China anawerenga DNA ya mtengo wa tiyi wa mtundu wa assamica, womwe ndi wofala m'minda ya kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo anapeza majini (tizigawo ta DNA tosunga malangizo a chibadwa) opanga mapuloteni pafupifupi 37,000. Munthu ali nawo pafupifupi 20,000 okha. Ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, yotchedwa Human Genome Project, isanathe mu 2003, ambiri ankayembekezera kuti munthu apezeka ndi majini okwana 100,000, poganiza kuti thupi lokhala ndi ubongo, chiwindi ndi maso silingamangidwe ndi malangizo ochepa chotero.

Ndikamaphunzitsa ana a Fomu 4 za chibadwa, ndimadandaula kuti nthawi imatithera pa majini, pomwe ogwira ntchito m'thupi ndi mapuloteni. Iwowa ndiwo amanyamula mpweya m'magazi, amagaya chakudya ndi kulimbana ndi tizilombo. Gulu lonse la mapuloteni a m'thupi limatchedwa proteome, dzina limene Marc Wilkins wa ku Australia anayambitsa mu 1994, ndipo n'lalikulu kwambiri kuposa chiwerengero cha majini.

Chifukwa choyamba n'chakuti jini imodzi siitulutsa puloteni imodzi yokha. Selo likakopera uthenga wa jini, limadula zigawo zina n'kulumikiza zotsalazo m'njira zosiyanasiyana, monga momwe ufa wa m'thumba limodzi umasandukira nsima, phala kapena chikondamoyo malinga ndi wophika. Majini a munthu ambiri okhala ndi zigawo zingapo amachita zimenezi. Jini yomwe imapanga calcitonin m'chithokomiro, puloteni yothandiza kuchepetsa calcium m'magazi, ndiyo imapanganso CGRP m'mitsempha, puloteni yokhudzana ndi mutu wa ching'alang'ala.

Komanso puloteni ikapangidwa, ntchito imakhala isanathe. Insulin, puloteni yothandiza kuchepetsa shuga m'magazi, imayamba ngati chingwe chimodzi chachitali, ndipo siigwira ntchito mpaka chigawo chapakati chitadulidwa n'kuchotsedwa. Mapuloteni ena amamatidwa phosphate kuti ayambe kapena asiye kugwira ntchito, ena amamatidwa shuga. Apa ndi pomwe nkhaniyi imafika pakhomo pathu, pakuti odwala matenda a shuga akuchuluka m'midzi mwathu. Kuyeza kwa HbA1c kumaona kuchuluka kwa shuga amene wamamatira ku haemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi, motero kumasonyeza momwe shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Zimenezi sizingawerengedwe mu DNA ya wodwalayo, chifukwa DNA yake ndi yomweyo kaya wadya bwino kaya ayi, ndipo ndi yomweyo m'khungu ndi m'chiwindi. Mapuloteni ndiwo amasintha ndi chiwalo, msinkhu, chakudya ndi matenda.

N'chifukwa chake ntchito yofufuza mapuloteni onse a munthu, yotchedwa Human Proteome Project, yomwe inayamba mu 2010, ndi yovuta kuposa ija yowerenga DNA. Kachidutswa ka DNA kangathe kuchulukitsidwa kambirimbiri ndi njira ya PCR, yomwe tinaidziwa bwino m'nthawi ya COVID-19, koma mapuloteni alibe njira yotere, choncho wofufuza amayeza zokhazo zimene wazipeza. M'madzi a magazi, puloteni imodzi yotchedwa albumin imatenga yokha kulemera koposa theka la mapuloteni onse, ndipo imabisa ochepa kwambiri aja amene angasonyeze matenda akangoyamba kumene.