Sikelo ikakana kutsika, tsegulani tsamba la Lachisanu

Buku lathu la kadyedwe, lolembamo zonse zimene wochepetsa thupi wadya ndi kumwa, lafika pa tsamba limene ambiri amalidumpha, tsamba la mowa. Nsima yatsika kufika pa mtanda umodzi, shuga wa mu tiyi wachoka, kuthamanga kwa m'mawa kukuyenda bwino, koma sikelo yangoima pamodzimodzi. Mukatsegula buku lotere mupeza kuti kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi zonse zalembedwa, ngakhale nthochi imodzi. Pa Lachisanu madzulo ndi Loweruka palibe kanthu, kapena pangolembedwa kuti "ndinalawako pang'ono". Pang'onopo ndiye pagona nkhani.

Galamu imodzi ya mowa weniweni, uja woledzeretsa, ili ndi makalori 7 (makalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya). Mafuta ali ndi 9, pamene sitachi ndi mapuloteni zili ndi 4 basi. Kuwerengera kwake ndi kosavuta. Tengani kukula kwa botolo, chulukitsani ndi peresenti yolembedwa pa lebulo, kenako ndi 0.79 poti mowa ndi wopepuka kuposa madzi. Botolo la 330 ml la 5% lili ndi 16.5 ml ya mowa, omwe ndi magalamu 13, kapena kuti makalori 91. Powonjezera zotsalira za chimera, botololo limafika cha m'ma 140. La 500 ml la mphamvu yomweyo limapyola 200. Toti ya 30 ml ya jini kapena burande wa 40% ili ndi makalori pafupifupi 66, koma mukaithira Coca-Cola wa 300 ml mwaonjezerapo magalamu a shuga oposa 30, ndipo galasilo layandikira 190. Tonic nayenso ndi madzi a shuga, kuwawa kwake kusakupusitseni. Ma cider, mowa wa maapulo, ndiye ambiri amaposa biya.

Chibuku ndi masese zimavuta kuwerengera chifukwa zimapitiriza kusasa zili m'paketi kapena mu mtsuko, ndiye mphamvu ya lero si ya mawa. Lita imodzi ikakhala pa 3%, mowa wokhawo ndi makalori 166, ndipo phala la chimanga lili momwemo silinawerengeredwe. Amene amati Chibuku ndi chakudya sakunama. Vuto ndi loti akafika kunyumba amadyanso nsima. Kachasu alibe lebulo, choncho palibe njira yolondola yomulembera m'buku.

Tsopano tiike zonsezi pa sabata imodzi. Kilogalamu ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700, ndipo munthu wochepetsa 500 tsiku lililonse amatsika pafupifupi theka la kilo pa sabata. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu masana wasunga 2,500. Madzulo ake mabotolo 6, omwe ndi 840, ndi mbale ya tchipisi ya pa chiwaya yomwe tiyerekeze ndi 500. Loweruka poonera mpira mabotolo 4, ena 560 amenewo, ndi kanyenya wa 400. Zonse pamodzi 2,300. Thukuta la masiku asanu latsala ndi makalori 200, omwe sikelo ya m'nyumba singawaone n'komwe. Wofuna kubweza mabotolo 6 aja ndi miyendo adziwe kuti munthu wa makilogalamu 80 amatentha makalori cha m'ma 60 pa kilomita akamayenda, ndiye ndi ulendo wa makilomita 14.

Makalori a m'botolo si okhawo. Thupi lilibe posungira mowa, ndiye ukangolowa umadumpha mzere ngati munthu wodziwana ndi mwini chigayo: chiwindi chimasiya zina n'kuyamba ndi iwo. Chimausandutsa chinthu chotchedwa acetaldehyde, kenako china chotchedwa acetate, ndipo nthawi yonse imene thupi likugwiritsa ntchito acetate ameneyu, kutentha kwa mafuta kumatsika kwambiri. Chiwindi chimachotsa magalamu 7 mpaka 10 okha pa ola. Mabotolo 6 ndi magalamu 78, kutanthauza maola 8 kapena kuposerapo. Mafuta a kanyenya wodyedwa pa maola amenewo sapeza ntchito, amangopita kokasungidwa. Khofi, kusamba madzi ozizira kapena msuzi wa mang'ina sizifulumizitsa chiwindi ngakhale pang'ono.

Choopsa kuposa zonse ndi njala imene mowa umabweretsa. Munthu amene masana anakana mandasi, ikamakwana 11 koloko usiku amakhala ataima pa chiwaya akuuza wokazinga kuti aonjezere. Tulo ta mowa timabwera msanga koma timadukaduka kukamacha, ndipo wosagona mokwanira amadzuka akufuna zamafuta ndi zotsekemera. Matsire akagwira, masewera a Loweruka m'mawa afa. Kwa onyamula zitsulo, kumwa kwambiri mukangochoka ku jimu kumachedwetsa minofu kudzikonza.

Sikelo nayo imanamiza pamenepa. Mowa umakodzetsa, ndiye m'mawa wotsatira mukhoza kupezeka mwapepuka, nkumaganiza kuti zayenda. Amenewo ndi madzi. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, mchere wa tchipisi ndi kanyenya umagwira madzi m'thupi ndipo nambala imalumpha kupyola pamene inali. Nchifukwa chake m'bukumu tsiku loyezera lasamutsidwa kuchoka Lolemba kupita Lachinayi m'mawa, mutapita kuchimbudzi, musanadye. Onjezeraninso tepi ya telala: yezani m'chiuno cha pa mchombo, mutatulutsa mpweya, osakoka mimba. Muyeso wabwino ndi wosapyola theka la kutalika kwanu. Wotalika 170 cm akhale pansi pa 85 cm.

Kwa amene sakufuna kusiyiratu, zimene zikugwira ntchito ndi izi. Nambala ya mabotolo ilembedwe m'buku musanachoke pakhomo, osati mutabwerako, ndipo zitsekerero muzisunga m'thumba kuti mawa pasakhale kutsutsana ndi mtima. Idyani kaye chakudya chenicheni, nyemba, usipa, mazira kapena nkhuku ndi masamba ambiri. Kudumpha nkhomaliro pofuna kusungira malo mowa ndi njira yolakwika: pamimba popanda kanthu mowa umalowa m'magazi msanga, ndipo maganizo onse abwino amatha pa botolo lachiwiri. Pakati pa botolo ndi botolo pazikhala galasi la madzi. Mowa waukali muzithira soda wopanda shuga ndi ndimu, ndipo toti aziyeza mukuona, chifukwa dzanja la mnzanu silidziwa 30 ml. Za maraundi tulukanimo. Tebulo la anthu asanu ndi mabotolo asanu kwa aliyense, pa liwiro la amene ali ndi ludzu kwambiri.

Makalori a mowa wa kumapeto kwa sabata mukhoza kuwagawa pa masiku ena, mwachitsanzo kuchotsa 70 patsiku kwa masiku 6 kuti apezeke 420 a mabotolo atatu. Achotsedwe ku sitachi ndi mafuta ophikira, ndiwo za mapuloteni zisakhudzidwe. Kupyola pamenepo masamu sakwana popanda kudzipha ndi njala.

Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide asamale kwambiri, chifukwa mowa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga wopita m'magazi ndipo shugayo akhoza kutsika moopsa munthu ali m'tulo. Wakumwa Flagyl asakhudze mowa mpaka patapita masiku awiri atamaliza mankhwala. Ndipo amene amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, woti akapanda kumwa manja amanjenjemera ndi thukuta kutuluka, asasiye mwadzidzidzi chifukwa cha sikelo. Kuteroko kukhoza kubweretsa khunyu. Ayambire ku chipatala kuti amuthandize kusiya mwa ndondomeko, zochepetsa thupi zibwere pambuyo.