Beseni la Madzi Ofunda Ndikatsika ku Chawe

Loweruka lapitali ndinafika pakhomo cha m'ma 3 koloko masana, mawondo akunjenjemera, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Tinanyamuka m'tauni ya Zomba kusanache, n'kukwera kudzera kanjira kotchedwa Potato Path mpaka ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba, kupitirira ku damu la Mulunguzi, kukapumira pa mathithi a Williams, kenako n'kutsikanso wapansi. Maola 8 tili chiyendere. Tilipo azimayi 5, ndipo tinapangana kuti mu Ogasiti tikaponde pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje yotalika mamita 3,002. Ine ndili ndi zaka 46, ndine mphunzitsi, ndipo chibadwire sindinagonepo paphiri. Ndiye phiri la Zomba ndi lomwe likutiphunzitsa kuyenda, Loweruka lililonse.

Chimene sindinkadziwa poyamba n'choti chopweteka miyendo si chitunda ayi, koma mtsetse. Pokwera umapuma wefuwefu, mtima kugunda, koma ukakhala pamwala mphindi zingapo zimatha. Potsika ndi pomwe pali nkhani. Phazi lililonse ukaponda, minofu yakutsogolo kwa ntchafu imagwira buleki kuti usagubuduke, ndipo imachita zimenezi ikukokeka. Kukokeka uku ikulimbana ndi kulemera kwa thupi kumasiya timabala ting'onoting'ono m'kati mwa mnofu, tosaoneka ndi maso. Thupi likayamba kukonza pamenepo, ululu umabwera, koma umabwera mochedwa. Loweruka madzulo umangomva kutopa. Lamlungu poti udzuke pabenchi kutchalitchi ndi pomwe umadziwa. Lolemba ndiye pachimake, chifukwa ululu wa mtundu umenewu umakula pakati pa maola 24 ndi 72. Sabata yoyamba titayamba kukwera phiri ndinaphunzitsa nditatsamira tebulo, ndipo masitepe atatu a pakhonde la kalasi ndinkatsika chammbali. Ambiri timati ndi asidi amene watsalira m'minofu, inenso ndinkatero, koma asidi ameneyo amachoka pasanathe ola limodzi kapena awiri munthu atasiya kuyenda. Chimene chimawawa Lolemba ndi mnofu womwe ukupola.

Amene anandipulumutsa ndi amayi anga. Anabwera kuchokera ku Jali kudzaona adzukulu, n'kundipeza ndikutsimphina kukhitchini.

"Iwe, wamwa chiyani?"

"Panado, amayi."

"Nanga wathowa?"

Ndinangokhala chete. Mawu amenewo ndinawamva komaliza nditabereka mwana wachiwiri, pomwe iwo omwewo ankandithowa msana m'mawa ndi madzulo. Sanadikire yankho. Anauza mtsikana wanga wamkulu kuti asonkhe mbaula, aphitse madzi mumphika waukulu uja timaphikira thobwa. Anandikhazika pakampando kubafa, n'kutenga chitenje chakale, kuchiviika m'madzi, kuchifinya, n'kuchikanikiza pa katumba. Osapukuta, osatikita. Kukanikiza basi, n'kugwira pomwepo mpaka kutentha kulowe, kenako kusunthira chapamwamba. Anandiuza kuti agogo aamuna akabwera wapansi kuchokera kunyanja ya Chilwa atasenza dengu la matemba, agogo aakazi ankawachita chimodzimodzi, ndipo m'mawa mwake ankalawirira kumunda. Usiku umenewo ndinagona tulo tomwe ndinali nditatisowa masiku awiri.

Kuyambira pamenepo ndili ndi dongosolo langa, ndipo sindiliphonya. Kwathu kulibe bafa lija logonamo munthu yense. Ndili ndi beseni lalikulu lapulasitiki lochapira mabulangete, ndowa ziwiri, kampando, ndi chitenje cha amayi chija, chomwe anandisiyira. Ndikafika sindithamangira madzi. Ndimavula nsapato, kumwa madzi makapu awiri kapena thobwa ngati lilipo, n'kukhala pakhonde miyendo nditaisanjika pampando mpaka thukuta liume. Munthu wotopa, wopanda madzi okwanira m'thupi, akalowa m'madzi otentha nthawi yomweyo amatha kuchita chizungulire, chifukwa kutentha kumatsegula mitsempha ya magazi ndipo BP imatsika. Zinandichitikirapo kamodzi, poimirira maso anada, ndinagwira khoma. Sindinabwerezenso.

Madzi ndimawayesa ndi chigongono, monga timachitira posambitsa khanda. Akhale ofunda bwino, oti chigongono chikhalemo osachichotsa msanga. Kwa amene ali ndi choyezera, ndi pakati pa madigiri 37 ndi 40. Ndimakhala m'besenimo, madzi kufika m'chiuno, mawondo ali m'mwamba, n'kumathira madzi pantchafu ndi kapu. Ketulo ya madzi otentha imakhala pambali kuti ndiziwonjezera pang'onopang'ono, poti m'nyengo ino ya chiperoni madzi sachedwa kuzizira. Mphindi 15 mpaka 20 zimakwana. Kenako ndimatuluka, kukhala pakampando, n'kuyamba kuthowa: akatumba, kuseri kwa ntchafu, m'chiuno momwe mumakhala lamba wa chikwama, ndi mapewa. Mapewa ambiri timawaiwala, chikhalirecho ndi omwe asenza madzi ndi kamba tsiku lonse.

Nthawi zina ndimaponyamo masamba a bulugamu ochepa pophitsa madzi. Sindinganene kuti amachiza mnofu. Ndimangokonda fungo lake, limatsegula m'mphuno ndipo limandikumbutsa paphiri pomwe ndachokera. Mnzanga wina wa m'gulu lathu amagula mchere wa Epsom kufamase, uja dzina lake linachokera ku tauni ya Epsom ku England komwe unkapezeka m'madzi a pakasupe. Muli magnesium, ndipo anthu amati amalowa pakhungu n'kumasula minofu, koma umboni woti amalowadi wokwanira kusintha kanthu ndi wochepa. Ndinayesa paketi imodzi, sindinaone kusiyana ndi madzi wamba. Mnzangayo amaukonda ndipo sindimutsutsa, koma ndalama imeneyo ine ndinaona kuti bola ndigulire masokosi abwino. Chimene chimagwira ntchito ndi kutentha. Kumachititsa kuti magazi ayende bwino m'minofu, kuuma kuchepe, ululu uzizire. Timabala tija sititsekeka chifukwa cha beseni, timapola patokha m'masiku ake, koma masiku amenewo umawadutsa ukuyenda ngati munthu.

Pali pena pomwe madzi otentha safunika, ndipo apa ndimalimbikira kwambiri ndikamauza anzanga. Mwezi watha mmodzi wa ife anabinya kakolo potsika, pamalo pomwe singano za paini zimaterera. Pofika kunyumba phazi linali litatupa, ndipo achibale anafuna kumuthowa. Ayi ndithu. Pobinya patsopano, potupa ndi potentha, pamafuna chozizira, nsalu yokulunga ayezi kapena madzi ozizira, mwendo uli m'mwamba, kwa masiku awiri oyamba. Kuika moto pamenepo n'kuwonjezera kutupa. Matuza ophulika nawo osawaviika nthawi yaitali, angotsukidwa ndi kuumitsidwa. Amene ali ndi shuga asayese madzi ndi phazi, chifukwa mapazi amatha kuchita dzanzi munthu n'kupsa osamva. Amayi oyembekezera ndi odwala mtima ayambe afunsa kuchipatala. Ndipo ngati ululu ndi woopsa, mwendo watupa kwambiri, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena katumba mmodzi yekha watupa n'kumatentha, zimenezo si za beseni. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndikatuluka kubafa ndimadzola Vaseline kumapazi, kuvala masokosi ndi juzi, n'kudya. Nsima ya mgaiwa, nyemba kapena usipa, ndi masamba. Mnofu womwe ukudzikonza umafuna chakudya ndi tulo, ndipo madzi ofunda aja amandithandiza kupeza tulo msanga. Lamlungu sindigona tsiku lonse ngakhale thupi likupempha. Ndimapita kutchalitchi wapansi, pang'onopang'ono, chifukwa ndaona kuti kuyenda kofatsa kumamasula miyendo kuposa kukhala. Chosangalatsa n'choti thupi limaphunzira. Njira yomwe inandiyendetsa chammbali mu Meyi, pano Lolemba ndimangomva kulemera pang'ono m'ntchafu.

Koma ndinene zoona, sindikonda beseni lija chifukwa cha minofu yokha. Ndi mphindi 20 zokha pasabata zomwe palibe amandiitana. Ana amadziwa kuti amayi akakhala kubafa Loweruka, za mchere ndi machesi afunse abambo awo. Ndimamva nkhunda zikulira pamtengo wa mapeyala, utsi wa mbaula za anansi ukudutsa, nthunzi ikukwera kudenga. Ndimayang'ana miyendo yangayi, yomwe kwa zaka zambiri ndinkangoituma kumsika, kusukulu ndi kumaliro osaifunsa kanthu, n'kuona kuti lero yandifikitsa pamwamba pa phiri n'kundibweza. Chitenje cha amayi chikakhudza katumba ndimakumbuka manja awo. Iwo ali ndi zaka 74 tsopano ndipo mawondo amawavuta m'nyengo yozizira. Nditapita ku Jali masabata awiri apitawa ndinaphitsa madzi n'kuwakhazika pamkeka kuseri kwa nyumba. Anakana kaye, amvekere, "Usavutike mwanawe, wabwera kudzacheza." Nditaika nsalu pabondo anatseka maso, sanayankhulenso.

Ku Mulanje beseni langa silikapita nawo. Tikanyamuka ku Likhubula tikagona m'tinyumba ta paphiri, ndipo usiku womaliza tisanakwere Sapitwa tikagona pa Chisepo, pomwe kuzizira kwake anthu amakusimba. Anzanga akukamba zoti potsika tidzaviike miyendo pa Dziwe la Nkhalamba, madzi ake ozizira ngati a mufiriji. Ndidzaviika nawo. Koma m'chikwama changa, pansi pa juzi ndi tochi, ndaikamo kale chitenje chija. Moto ukakhalapo ndi kapoto kamodzi ka madzi, ndikathowa anzanga onse 4, kenako wina adzandithowe ine.